Momwe mungaonere luso la maganizo mukapita ku National Gallery

Ambiri a ife okulira ku Mbare, ku Highfield kapena ku Mufakose tinazolowera luso loonekera m'manja: chosema cha mwala chosalala bwino, dengu lolukidwa mwaukatswiri, chithunzi chofanana ndi mwini wake. Choncho munthu akalowa ku National Gallery of Zimbabwe, pa Julius Nyerere Way pafupi ndi Harare Gardens, n'kupeza zinthu zotola kudzala zitapachikidwa pakhoma, amaima kakasi. Ena amatuluka akuti awapusitsa.

Luso lotere, limene ophunzira zaluso amati conceptual art, limaika ganizo patsogolo, dzanja n'kubwera pambuyo. Ambiri amati linayambira pa zimene Marcel Duchamp anachita mu 1917. Iye anatenga chokodzeramo cha m'chimbudzi cha amuna, chogula kusitolo, n'kuchisainira dzina lakuti R. Mutt, n'kuchitumiza ku chionetsero ku New York. Okonza chionetserocho sanachiike poonekera, koma funso limene chinadzutsa, lakuti chimachititsa chinthu kukhala luso n'chiyani, lilipobe mpaka lero. Ntchito yotere siitha pamene waluso waisiya. Mbali yotsalayo ndi ya inu woonera, ndipo ili ndi kachitidwe kake.

1. Kapepala ka pakhoma kofotokoza ntchitoyo musayambire iko

Imani patsogolo pa chinthucho mphindi ziwiri kapena zitatu, foni ili m'thumba. Chioneni chapatali, kenako musendere pafupi, ndipo ngati chili pakati pa chipinda chizungulireni. Tchulani mumtima zimene maso akuona basi: kukula kwake, mtundu wake, ngati chili pansi kapena m'mwamba, ngati n'chimodzi kapena n'zambirimbiri zobwerezedwa. Tanthauzo lidikire kaye.

2. Funsani kuti zipangizozo zinachokera kuti

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ife a mu Harare tili ndi mwayi chifukwa mmodzi mwa akatswiri a njira imeneyi amagwirira ntchito ku Mbare komweku. Moffat Takadiwa, amene anayambitsa Mbare Art Space m'holo yakale yomweramo mowa, amaluka zinthu zazikulu zopachika pakhoma. Mukaima patali mumaona ngati nsalu yachifumu yokongoletsedwa ndi mikanda. Mukasendera, mikandayo imasanduka mabatani a kiyibodi ya kompyuta, mitu ya miswachi yakutha, zitsekero za mabotolo. Batani lina lili ndi chilembo chofufutika chifukwa chala cha munthu chinaligunda kwa zaka. Mswachi wina tsitsi lake linapindikira mbali imodzi, umboni wakuti unalowa m'kamwa mwa winawake m'mawa uliwonse.

Tsono dzifunseni: mabataniwa anapangidwira dziko liti, nanga anafika bwanji m'zinyalala za mzinda uno? Zilembo zili pamenepozo n'za chilankhulo cha ndani? Amene anazitola n'kuzitsuka ndi ndani? Mukayamba kuyankha, muona kuti mukukamba kale za katundu amene timagula kunja n'kutsala ndi zinyalala zake, za Chingerezi chimene chinatilowerera, ndi za anthu amene amadya za m'dzala. Palibe amene wakuuzani zimenezi ndi pakamwa. Zipangizo zokha zakufikitsani pamenepo.

3. Tsopano werengani dzina ndi chaka

Dzina la ntchito lili ngati theka lake lina, ndipo nthawi zina limatembenuza zonse zimene munaona. Mu 1991 Felix Gonzalez-Torres, wobadwira ku Cuba amene ankakhala ku America, anaunjika maswiti okulunga m'timapepala tonyezimira pakona ya chipinda. Woonera aliyense amaloledwa kutenga imodzi n'kudya. Poyamba zimaoneka ngati kukoma mtima chabe. Koma m'dzina la ntchitoyo muli dzina la Ross, wokondedwa wake amene anamwalira chaka chomwecho ndi matenda obwera chifukwa cha Edzi, ndipo muluwo umayenera kulemera pafupifupi makilogalamu 79, amene ambiri amati ndi thupi la munthu wamkulu asanadwale. Aliyense akatengapo switi, thupilo limachepa. Ogwira ntchito m'nyumba yoonetseramo amadzathiranso ena, mulu n'kubwerera.

Ife amene tinaona abale akuwonda pamphasa m'zaka za m'ma 1990 sitifuna wotimasulira ntchito imeneyi. Ine ndimaiona kuti ndi imodzi mwa ntchito zachifundo kwambiri zimene munthu anapangapo, ngakhale mwini wake sanaseme kapena kujambula kalikonse.

4. Onani ngati akukupemphani kuchitapo kanthu

Ntchito zina zimafuna kuti mutenge, mulembepo, mulowemo kapena mukhalepo. Zambiri sizilola kukhudzidwa n'komwe. Funsani woyang'anira chipinda musanatambasule dzanja. Akakulolani, chitani, ndipo mumvetsere zimene thupi lanu likukana. Samson Kambalu, mwana wa ku Malawi, anakuta mpira wamiyendo ndi masamba a Baibulo n'kuutcha Holy Ball, ndipo ankapempha anthu kuti aumenye. Mkhristu amene mwendo wake ukukana kumenya mpirawo walowa kale m'kati mwa ntchitoyo, chifukwa kukayika kwakeko ndiye nkhani imene waluso anaitchera.

5. Bweretsani zanu, koma zikhale ndi pogwira

Anthu akamva kuti aliyense ali ndi ufulu womasulira, amaganiza kuti chilichonse chimene anganene n'cholondola. Ayi ndithu. Kumasulira kwabwino kumaloza chinthu chimene mnzanu angachione ndi maso ake.

Taonani ntchito ina ya Kambalu yemweyo, Antelope, ya ziboliboli za anthu awiri, imene inaimikidwa ku Trafalgar Square mu London mu 2022. Anaitenga pa chithunzi cha mu 1914 cha John Chilembwe ataima ndi mmishonale John Chorley. Kambalu anamukulitsa Chilembwe kuposa msinkhu wa munthu, Chorley n'kumusiya pa msinkhu wake, ndipo Chilembwe wavala chipewa pa nthawi imene munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu. Mngelezi wodutsa angaonepo mbiri ya dziko lake imene sanaiphunzire kusukulu. Mdzukulu wa munthu amene anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi ya kuno angaonepo agogo ake, amene ankavula chipewa pamaso pa bwana. Onse awiri ali ndi pogwira: chipewacho, ndi kusiyana kwa misinkhu. Koma wina akati ntchitoyo ikukamba za ulimi wa fodya, mufunseni aloze pamene waonera.

Kwa ife izi si zachilendo kwenikweni. Chilombo cha Gule Wamkulu chikatuluka pabwalo sichifotokoza kuti chikudzudzula khalidwe liti. Anthu amaona kavalidwe, kayendedwe ndi nyimbo, aliyense n'kudziwa pamene pamukhudza.

6. Musapite nokha

Tengani mnzanu, mlongo wanu kapena mwana wa sukulu, ndipo aliyense anene zake asanamve za mnzake. Ana amaona msanga zimene akulu amazilumpha chifukwa choopa kuoneka osadziwa. Mukasiyana maganizo, bwererani pa chinthucho mukayang'anenso limodzi.

National Gallery, imene inatsegulidwa mu 1957, imasintha zionetsero zake kangapo pachaka, ndipo malo ngati First Floor Gallery Harare ndi Village Unhu amaonetsa ntchito za achinyamata ambiri. Yang'anani masamba awo pa Facebook kapena Instagram kuti mudziwe tsiku lotsegulira chionetsero chatsopano, chifukwa patsikulo waluso mwini wake nthawi zambiri amakhalapo. Mukakumana naye, musamufunse kuti ntchito yake ikutanthauza chiyani, poti ambiri sakonda kutsekera woonera pa yankho limodzi. Mufunseni kumene anapeza zipangizo, chifukwa chimene anasankhira zimenezo osati zina, ndi chimene chinamuvuta kwambiri pozilumikiza.