Kukhala gadiyani wa mwana wanu pa opaleshoni ya mtima

Ngati adokotala akuuzani kuti mwana wanu afunika opaleshoni ya mtima, siyani lero lomwe kumuopseza ndi jakisoni. Tonse timachita zimenezi. Mwana akamakana nsima, ife: "Ndikakusiya kuchipatala akakubaye." Inenso ndinkatero. Ndiye tsiku n'kufika loti mumugoneke pabedi la anthu omwewo, n'kumamuuza kuti ndi anthu abwino. Akukhulupirirani bwanji?

Mwana wanga wamkazi anali ndi zaka 4 pomwe anamutseka bowo la mumtima ku India. Bowolo analiona ku Queens, ku Blantyre, pa makina ounikira mtima aja amati eko, titatopa ndi chibayo chobwerezabwereza komanso mzere wa pakhadi la sikelo wokana kukwera. Mtima uli ndi zipinda zinayi. Wake unali ndi bowo pakhoma la pakati pa zipinda ziwiri zam'munsi, lomwe madokotala amalitchula kuti VSD. Magazi ankadutsira pamenepo n'kumapita ochuluka kumapapo, n'chifukwa chake ankapuma mwabefu ndi kutuluka thukuta poyamwa. Mabowo ang'onoang'ono ambiri amatsekeka okha mwana akamakula. Lake linali lalikulu.

Pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 alionse amabadwa ndi vuto la mtima. Chiwerengero chimenechi chisungeni, mudzachifuna kumudzi. Apongozi anga ankaganiza kuti pali munthu walowapo, ine ndinkadziimba mlandu kuti mwina ndinadya china chake ndili woyembekezera. Zonsezo sizinathandize mwana kupuma.

Za mapepala ndinena mwachidule. Buku lake la kuchipatala, zotsatira za eko, za X-ray, kalata yomutumiza kunja, mapasipoti: jambulani chilichonse pafoni, mutumizirenso m'bale mmodzi pa WhatsApp. India ili ndi viza ya wodwala ndi ina ya womuperekeza, choncho funsani zonse ziwiri nthawi imodzi. Chomwe ambiri sitidziwa ndi cha mano. Dzino lobooka limatha kulowetsa tizilombo m'magazi, tizilomboto n'kukakhazikika pamalo okonzedwa mumtima. Pitani naye kwa dokotala wa mano ulendo usanafike. Ndipo akayamba chimfine, chifuwa kapena kutentha thupi, nenani. Opaleshoni akhoza kuisuntha, zimawawa ndithu mutadikira miyezi, koma kubisa n'kuika mwana pamoto.

Tsopano nkhani yeniyeni: kumuuza.

Ine ndinalakwitsa tsiku loyamba lenileni. Akumutenga magazi, ndinamuuza kuti sizipweteka. Zinapweteka. Anandiyang'ana ndi maso amene sindidzawaiwala, ndipo kwa masiku awiri chilichonse chomwe ndinkanena ankayamba wayang'ana kaye nesi ngati akufuna umboni. Kuchokera pamenepo ndinasintha. Ndinkati, "Apa pabaya ngati lunzi, tiwerenga mpaka teni, kenako zatha." Ankalirabe, koma ankalira atandigwira, osati akundikankha.

Mwana wa msinkhu umenewu musamuuze kudakali mwezi wathunthu, angokhalira kuda nkhawa. Masiku awiri kapena atatu ndi okwanira. Ine ndinatenga chidole chake, n'kuchimata pulasitala pachifuwa ndi padzanja, n'kumuuza kuti mtima wake uli ndi kabowo ngati ndowa ya agogo, ndipo adokotala akakamata kuti azithamanga osatopa. Mawu akuti "akakung'amba" kapena "akakudula" asamveke pakamwa pa aliyense, ngakhale alendo odzamuona. Samalaninso ndi mawu akuti kugona. Ana athu amamva pamaliro kuti agogo agona. Muuzeni kuti ndi tulo ta mankhwala, sakamva kuwawa, ndipo mankhwala akatha adzadzuka n'kukupezani pomwepo. Mumuuzenso kuti sanalakwe kanthu. Wanga anandifunsa ngati n'chifukwa choti anaswa kapu.

Musathawe akagona. Mukafuna kukasamba kapena kukagula madzi, mutsanzikeni, ngakhale alire. Akadzuka n'kupeza mpando uli mbee, usiku wotsatira sagonanso.

Usiku woti mawa ndi opaleshoni adzakuuzani nthawi yosiyira kumudyetsa. Kawirikawiri chakudya ndi mkaka wogula amasiya maola 6 isanayambe, bere maola 4, madzi oyera maola 2, koma tsatirani zomwe chipatala chanu chanena ndipo muzilembe. Si nkhanza ayi: munthu akagonekedwa ndi mankhwala, za m'mimba zimatha kubwerera n'kulowa m'mapapo. Kabisiketi kamodzi kachifundo kakhoza kuimitsa zonse. Inunso musadye iye akuona. Ndinabisa ngakhale botolo langa la madzi.

Chitenje chomwe mwagonera masiku angapo, chosachapa, mutenge. Changa chinapita naye mpaka pakhomo la fiyeta, ndipo anesi anachiika pamtsamiro pake ku ICU, chipinda cha odwala ofunika kuwayang'anira usana ndi usiku. Fomu yovomereza musasaine mothamanga. Funsani kuti atsegula chifuwa kapena adutsira mumtsempha wa m'mphechepeche, chifukwa mavuto ena a mtima amakonzedwa ndi kapaipi kolowera pamenepo, ndipo mwana amangofunika kugona chagada, mwendo uli wowongoka kwa maola angapo. Wathu anamutsegula, makina n'kumagwira ntchito ya mtima ndi mapapo pomwe madokotala ankasoka chigamba pabowo lija. Chizungu cha adokotala chikakuthamangirani, auzeni abwereze kapena ajambule papepala. Palibe manyazi pamenepo.

Maola odikira aja, sankhani munthu mmodzi kumudzi woti muzimuuza nkhani, iye aziuza ena onse. India ili patsogolo pa Malawi ndi maola atatu ndi theka, ndiye foni yanga inkalira pakati pa usiku, anthu akungoti "zili bwanji kumeneko" iwo atangomaliza nsima yamadzulo. Bambo ake ndi amene anasenza ntchito imeneyo, ine n'kuzimitsa foni.

Ku ICU pemphani nesi akufotokozereni zomwe mukaone musanalowe. Ine palibe anandiuza, ndipo maondo anagwedera. Paipi yopumira kukamwa, mapaipi otulutsa magazi ndi madzi pansi pa chifuwa, timawaya, nkhope yotupa, makina akulira mbali zonse. Zambiri mwa zimenezi n'zoyembekezeka, ndipo amazichotsa chimodzichimodzi. Makina akalira, yang'anani nkhope ya nesi, osati manambala. Sambani m'manja, mugwire phazi kapena chipumi, mulankhule naye Chichewa. Pamalo ponse paja ndinu nokha amene mukulankhula chinenero chake. Ine ndinkangoimba nyimbo ya Sande sukulu imodzimodzi mpaka mawu anasasa. Mukafuna kulira, kalirireni panja, musambe kumaso, mubwerere.

Mwana wamng'ono sanena kuti "ndikumva kuwawa". Wanga ankangokhala duu, osafuna kutembenuka, akupuma pang'onopang'ono ngati akuopa mpweya. Inu ndi amene mumamudziwa, choncho muuzeni nesi, musadikire kuti alire. Ku wodi adzafuna kuti akhosomole ndi kuyenda msanga kuti mapapo atseguke. Mupatseni kamtsamiro akumbatire pachifuwa pokhosomola. Ife tinkauzira thovu la sopo, ndipo ankapuma mozama osadziwa kuti ndi mankhwala. Mpatseninso mwayi wosankha tinthu ting'onoting'ono: mankhwala amwere pasupuni kapena pasirinji, ayambe dzanja liti. Koma musamufunse ngati akufuna kumwa mankhwala, chifukwa yankho mukulidziwa.

Chakudya chinativuta. Tsabola anali paliponse, ndipo mwana ankalirira nsima. Mpunga woyera, nthochi, dzira lowiritsa ndi yogati ndi zomwe zinatipulumutsa. Akadya masupuni atatu, musamukakamize achinayi.

Potuluka, mankhwala aliwonse muwalembe dzina, mamililita ndi nthawi yake, ndipo mufunse kuti adzasiya liti. Lasix, uja wochotsa madzi m'thupi, amakodzetsa kwambiri, ndiye musamukalipire akanyowetsa pogona. Mankhwala akatha n'kugula ena kuno, onetsani botolo lakale kwa wa ku famase, chifukwa mphamvu ya mankhwala amadzi imasiyana botolo ndi botolo.

Fupa la pachifuwa limatenga milungu pafupifupi 6 kuti ligwirane. Nthawi yonseyo musamunyamule m'khwapa kapena kumukoka mikono. Dzanja limodzi pansi pa matako, lina kumsana, ngati mukunyamula lichero lodzaza. Zimenezi muuze aliyense wa pakhomo, makamaka amalume okonda kuponya ana m'mwamba. Za kubereka kumbuyo madokotala a kunja sangaziganizire okha, mufunse ndinu. Ine nditawaonetsa mmene chitenje chimapanikizira chifuwa cha mwana kumsana kwanga, anati ndidikire kaye.

Anthu adzabwera kudzazonda, ndipo ndi chikondi. Ikani ndowa ndi sopo pakhomo, wachimfine alonjere ali pabwalo. Ena anakhumudwa, pano tinagwirizananso. Chilonda chikafiira, kutupa kapena kutuluka mafinya, mwana akatentha thupi, akamapuma mothamanga, akamasanza kapena kufooka, musayambe ndi Panado n'kumadikira mawa. Pitani kuchipatala ndi kalata yotulukira ija m'manja. Akamuyeze malungo, inde, koma muwauze msanga kuti anachitidwa opaleshoni ya mtima, ndipo muzinenanso zimenezi kwa dokotala wa mano.

Chomwe sindinayembekezere n'chakuti kunyumba anabwerera ukhanda. Ankadzuka usiku akukuwa, ankafuna kudyetsedwa, sankalola ndipite ngakhale kubafa. Mkulu wake wa zaka 7 naye anayamba kudandaula mutu tsiku lililonse, kufuna kuti naye aonedwe. Ndinayamba kumutenga yekha popita kumsika Loweruka, mutu uja n'kutha. Wamng'onoyo zinamutengera ngati miyezi iwiri.

Chipsera amachitcha njanji yake. Tikamapita ku eko ya chaka ndi chaka, amakweza yekha diresi asanauzidwe, n'kuchenjeza adokotala kuti mafuta awo aja ndi ozizira, ayambe awatenthetsa m'manja.