Momwe mungalembere buku la ana loseketsa la matsenga ndi maiko ena

Ana amakonda nkhani imene mnzawo amalowa penapake n'kutulukira m'dziko longa lathu lomweli, koma zinthu zikuyenda chamutu pansi. M'Chingerezi mabuku otere ndi ambirimbiri, pamene m'Chichewa ndi osowa. Ngati mukufuna kulemba lanu, tsatani izi.

1. Pezani khomo. Mu 1865 wolemba mabuku Lewis Carroll anagwetsera mtsikana wa m'nkhani yake mu una wa kalulu, ndipo mu 1950 wolemba wina, C. S. Lewis, analowetsa ana m'kabati ya zovala. Onsewa anasankha chinthu wamba. Inunso tengani chimene mwana amachiona tsiku lililonse: nkhokwe ya agogo, mjigo, kapena kachipinda ka kusukulu kamene kiyi wake anasowa kalekale. Khomolo likhale ndi khalidwe lakelake, monga lotseguka pokhapokha munthu akayetsemula.

2. Sinthani chinthu chimodzi chokha. Diana Wynne Jones wa ku Britain, m'mabuku ake a Chrestomanci amene anayamba kutuluka mu 1977, anati maiko amagawikana pamene chochitika chachikulu, monga nkhondo, chikanatha mwa njira ziwiri. Nzeru imeneyi njothandiza chifukwa imakuletsani kumwaza zodabwitsa paliponse. Tiyerekeze kuti m'dziko linalo mbuzi ndizo zinayamba kudziwa kuwerenga. Musathamange. Khalani pansi mudzifunse: akuweta mnzake ndani? Pa ukwati amapha chiyani? Nanga mabuku amawasunga bwanji poti aphunzitsi amawadya nthawi ya buleki? Mayankho a mafunso amenewa ndiwo mitu ya buku lanu.

3. Matsenga akhale ndi malamulo. Matsenga otha kuchita chilichonse saseketsa, ndipo amapha nkhani chifukwa vuto lililonse limatha pa tsamba lomwelo. Lembani malamulo atatu kapena anayi papepala, muwasunge ngakhale atakupanikizani. Lamulo limene ndimalikonda ndi lakuti matsenga amamva mawu ndendende momwe anenedwera. Mfumu ikadandaula kuti anthu akuidyera masuku pamutu, nduna ipezeke itakhala pamapewa pake ndi mbale ya masuku, nthangala zikugwera m'kolala. Mwana wowerenga amayamba kuseka munthu asanamalize kulankhula, poti waona kale chimene chikubwera.

4. Talikiranani ndi ufiti. Apa mpofunika kusamala kwambiri. Kwathu kuno ku Malawi nkhani ya lichero louluka usiku, ya kumanda ndi ya kudya anthu si nthabwala. Ana ndi okalamba akhala akunamiziridwa ufiti, ena kumenyedwa kapena kuthamangitsidwa pamudzi, ngakhale lamulo la 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti. Buku lanu lisawonjezere nkhuni pamoto umenewu. Matsenga anu achitike masana dzuwa likuswa mtengo, aziphunziridwa m'kalasi, akhale ndi mayeso, ziphaso ndi kalaliki waulesi amene amati mubwere mawa. Agogo a m'nkhanimo asakhale woipa wake. Kumbukiraninso kuti wogula buku si mwana, ndi kholo kapena mphunzitsi, ndipo akangoona lichero pachikuto alibweza pashelefu.

5. Anthu anu asadziwe kuti akuseketsa. Mbuzi imene ndi mphunzitsi wamkulu ilankhule mwaulemu wake, ndevu zikugwedera, ikukhulupirira kuti ikunena zanzeru. Mwana wa m'nkhaniyo akhale ndi vuto lenileni, monga kubwerera kwawo amayi asanazindikire kuti ndowa yasowa. Amene amasule vutolo akhale iye mwini, pogwiritsa ntchito lamulo limene akuluakulu analiiwala.

6. Mitu ikhale yaifupi, yoti n'kuwerenga nsima isanapse, ndipo uliwonse uthere pamene zinthu zangoipiraipira.

7. Werengerani ana mokweza musanapite kwa wosindikiza. Asakhale anu okha, chifukwa amenewo amakuopani kapena amakumverani chisoni. Musawafunse ngati nkhaniyo yakoma, poti onse adzavomera. Muziyang'ana nkhope ndi mapazi. Pamene ayamba kukanda pansi ndi chala, chongani ndime imeneyo ndi pensulo, mukaidule. Pamene aseka inu musanayembekezere, chonganinso. Kenako afunseni kuti akufuna kumvanso za ndani. Kawirikawiri amatchula kamunthu kamene munangokaponyamo kuti katsegule chitseko, ndipo kameneko mukakapatse mutu wakewake polembanso kachiwiri.