Momwe mungalukire chipewa cha mwana wa sukulu chisanu cha ku Harare chisanafike

Harare ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,500 pamwamba pa nyanja yamchere, ndiye mu June ndi July m'mawa kumazizira mpaka udzu wa m'madambo kuchita kuyera. Teremu yachiwiri imatsegulidwa mu May, ndipo ana amanyamuka kusanache bwinobwino. Amene mwangobwera kumene kuchokera ku Nsanje, ku Chikwawa kapena kunyanja musadikire kuti mwana ayambe kutsokomola. Yambani kuluka mu April. Chipewa ndicho choyambira chabwino chifukwa chimatha msanga, sichidya ulusi wambiri, ndipo mukalakwitsa kumasula kwake sikupweteka mtima ngati juzi.

Mufunika mpukutu umodzi wa ulusi wa double knit (wosaonda kwambiri, wosanenepa kwambiri) wolemera magalamu 100, singano zolukira ziwiri za 3.25 mm ndi ziwiri za 4 mm, singano yosokera ya diso lalikulu yobuntha kunsonga, tepi yoyezera ndi sizasi. Agogo ena akakubwerekani singano zawo zakale mudzaona palembedwa 10 ndi 8. Imeneyo ndi miyeso yakale: 10 ndiyo 3.25 mm, 8 ndiyo 4 mm. Musanagule ulusi funsani kusukulu mtundu umene amalola, popeza sukulu zambiri kuno zimafuna chipewa chogwirizana ndi yunifolomu.

Ulusi watsopano umapezeka m'mashopu a nsalu ndi zosokera m'tauni. Ndalama zikavuta, juzi ya pakaunjika, monga ya kumsika wa Mupedzanhamo ku Mbare, imapereka ulusi wokwana zipewa zingapo, koma si juzi iliyonse imene imamasuka. Itembenuzeni muone msoko. Ngati m'mphepete mwake munadulidwa n'kupitidwa ndi makina a ovaloko, isiyeni, chifukwa mzere uliwonse udzatuluka ngati kachidutswa kakekake. Yabwino ndi imene zigawo zake zinalukidwa pazokha n'kulumikizidwa ndi msoko wooneka ngati tcheni. Sololani tcheniyo, lekanitsani manja, kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo muyambe kumasula kuchokera kumapewa kutsika. Ulusiwo umatuluka wopotanapotana. Ukulungeni kumsana kwa mpando, mumange malo anayi kuti usasokonekere, muuviike m'madzi ofunda pang'ono kwa mphindi 30, kenaka muuyanike pamthunzi mutapachika kanthu kolemerako pang'ono kunsi. Mukafuna kudziwa mtundu wake, otchani kachidutswa: ubweya wa nkhosa umanunkha ngati tsitsi lopsa n'kusiya phulusa lofumbutuka, pamene acrylic, ulusi wonga pulasitiki, imasungunuka n'kuuma kampira kakuda.

Tsopano pali ntchito imene ambiri amaidumpha, n'chifukwa chake zipewa zina zimagwera m'maso ndipo zina zimakana kulowa. Ikani masitichi 26 pa singano ya 4 mm, muluke mzere wa plain (sitichi yolukidwa ulusi uli kumbuyo), wotsatira wa purl (yolukidwa ulusi uli kutsogolo), mosinthanasinthana mpaka kansaluko katalike masentimita 10. Kayaleni osakakoka, muwerenge masitichi amene ali m'masentimita 10 pakati pake. Akuyenera kukhala 22. Akapitirira, dzanja lanu ndi lothina, tengani singano yokulirapo. Akachepa, tengani yocheperapo. Ulusi wa pakaunjika ulibe pepala lokuuzani kukula kwake, choncho kwa iwo kuyesa kumeneku n'kosathawika. Ukakhala wowonda kwambiri, phatikizani ziwiri muziluke ngati umodzi.

Mwana wa zaka 5 mpaka 10 mutu wake umakhala wa masentimita pafupifupi 52 kuzungulira, ndipo chipewa chiyenera kuchepera mutu kuti chigwire. Ikani masitichi 98. Wa zaka ziwiri kapena zitatu ikani 86, wakhanda 74, wamkulu 110. Manambala amenewa si ongolota: lililonse ndi magulu a masitichi 12 kuphatikiza awiri a msoko, ndipo mudzaona ntchito yake pofika pamwamba.

Kuika masitichi pa singano ndi kuluka purl ndi zinthu zimene munthu amagwira msanga akaona manja a mnzake kusiyana ndi kuwerenga. Apa ndi pamene kukhala mlendo m'dera kumakuthandizani. Ikani ulusi ndi singano m'kachikwama muziyenda nazo. Ku Mufakose, Mabvuku, Tafara, Dzivarasekwa, Highfield ndi Mbare kuli mabanja ambiri amene makolo awo anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndipo agogo ambiri Chichewa sanachitaye. Oluka sabisala. Mudzawaona pamzere wa pamjigo, pageti dzuwa likamawomba cham'ma 10, pabenchi la kuchipatala cha ana, kapena kuseri kwa tebulo la tomato. Lachinayi amayi a mipingo yambiri amasonkhana, ndipo ku CCAP ya sinodi ya Harare simungalephere kumva chinenero cha kwathu. Perekani moni kaye, mudziwike kuti ndinu a nyumba iti, kenaka mutulutse ntchito yanu: "Pepanitu mayi, tandionereniko apa, ndikulakwitsa pati?" Funso lotere silikanidwa kawirikawiri, ndipo munthu yemweyo ndi amene adzakuuzeni shopu ya ulusi wotsika mtengo ndi kombi (minibasi) yokwera popita kumeneko. Mukabwereka singano, bwezani zonse ziwiri tsiku limene munagwirizana.

Poyamba, siyani mchira wa ulusi wa mita imodzi ndi theka. Masitichi oyambawo aikeni pa singano ya 4 mm kuti mkombero usathine pachipumi, kenaka muziluka ndi za 3.25 mm. Mzere woyamba: plain awiri, purl awiri, mpaka kumapeto, ndipo muthera pa plain awiri. Mzere wachiwiri muyamba ndi purl awiri, plain awiri, n'kuthera pa purl awiri. Bwerezani mizere iwiriyi mpaka masentimita 10. Imeneyi ndiyo ribu, yopindika pawiri kuti makutu afunde. Vuto lalikulu pano ndi ulusi wodutsa pamwamba pa singano. Pochoka pa plain kupita pa purl, ulusi uzidutsa pakati pa nsonga ziwiri za singano kubwera kutsogolo, ndipo pobwerera udutsenso pomwepo. Ukakwera pamwamba umabala sitichi yatsopano ndi kabowo. Werengani masitichi mizere inayi iliyonse. Mukapeza 99, masulani mpaka pakabowopo.

Ribu ikatha sinthani singano, mutenge za 4 mm. Lukani mzere wa plain, wotsatira wa purl, mpaka masentimita 8 kuchokera pamene ribu yathera. Wamkulu muonjezere masentimita awiri, wakhanda ribu ikhale masentimita 6 ndipo apa 5. Sitichi ikapulumuka n'kuyamba kutsetsereka, ikoleni ndi pini nthawi yomweyo, kenaka muikweze ndi singano ya kroshe, kaulusi kamodzikamodzi. Ulusi ukatsala pang'ono kutha, lumikizani wina kumapeto kwa mzere. Mfundo ya pakati imatulukira kunja ikachapidwa.

Pamwamba ndi pamene magulu a 12 aja amagwira ntchito. Pamzere wa plain lukani sitichi imodzi ya msoko, kenaka plain 10 ndi masitichi awiri pamodzi, mubwereze mpaka itatsala imodzi ya msoko. Amene munayamba ndi 98 mutsala ndi 90. Bwererani ndi purl osachepetsa. Mzere wotsatira ndi plain 9 ndi awiri pamodzi, mutsala ndi 82. Kenaka 8, 7, 6, kumangotsika choncho, mzere wa purl pakati, mpaka atsale masitichi 10. Mukaona mizere yochepetsayo ikudukaduka m'malo motsatana mpaka pakati pa mutu, ndiye kuti penapake munawerenga molakwa. Timphete ta ulusi wa mtundu wina toikidwa pakati pa magulu timathetsa vuto limeneli.

Dulani ulusi mutasiya masentimita 50. Ulowetseni m'singano yosokera, muupititse m'masitichi 10 aja kawiri, mukoke mpaka bowo litsekeke. Ndi ulusi womwewo sokani msoko kutsika, mukutola sitichi imodzi mbali iyi, imodzi mbali inayo, osakoka kwambiri kuti msoko uzitamuka limodzi ndi chipewa. Mukafika masentimita 5 omaliza a ribu, tembenuzani musokere mbali inayo, apo ayi msoko udzaonekera kunja mukapinda mkombero. Michira yotsala ilowetseni mkati mwa msoko.

Chapani ndi manja m'madzi ozizira, finyani m'thaulo osapotokola, ndipo muyanike chogoneka. Chikapachikidwa pachingwe chimatalika, ndipo ayironi imapha acrylic moti ribu siibwereranso. Sokereranimo kansalu kolembedwa dzina la mwana mkati mwa mkombero asanapite nacho kusukulu.