Momwe mungasankhire chikwama chobereka cha m'tchire ngati ndinu mzimayi wamfupi

Ine msinkhu wanga ndi masentimita 152, ndipo pa sikelo ndimakhala pa makilogalamu 48. Kwa zaka zingapo tsopano ndimayenda ndi anzanga ku Dzalanyama kukaona mbalame, masiku ena Loweruka timakwera phiri la Nkhoma kapena la Bunda. Amayi anzanga a msinkhu wangawu amakonda kundifunsa za chikwama, makamaka zija za alenje zamawangamawanga zomwe zikumatuluka m'mabelo a kaunjika. Nzolimbadi, nsalu yake sichita phokoso ukamadutsa m'zitsamba, matumba ake ndi ambiri. Koma zochuluka anasokera alenje aamuna akunja, anthu a misana itali-itali, ndipo munthu wamfupi akagula mosayang'ana amabwerako kutchire akulira.

Ndinenerepo kaye kuti chikwama cha alenje si chilolezo chosakira nyama. Dzalanyama ndi nkhalango yotetezedwa, ndipo lamulo loteteza nyama zakutchire lomwe linakonzedwanso mu 2017 limafika pa zaka 30 kundende pa nyama zotetezedwa kwambiri. Ife timachifuna chifukwa cholimba basi.

Yambani ndi ulendo wanu

Zikwama zimayezedwa m'malita, ndipo nambala yake imalembedwa pambali pa dzina, monga 24 kapena 45. Ulendo wopita m'mawa n'kubwera madzulo umafuna malita 20 mpaka 28. Wokagona usiku umodzi kapena uwiri, malita 35 mpaka 45 akwana. Cha malita 65 chisiyeni ngakhale atakutsitsirani mtengo, chifukwa malo akakhalapo mudzawadzaza ndithu.

Yezani msana musanapite kumsika

Apa ndi pamene ndinalakwitsa, choncho mundilole ndikhalepo pang'ono.

Chikwama sachiyeza ndi msinkhu wa munthu kuchokera kumutu mpaka kuphazi. Amayeza msana wokha. Pezani tepi ya telala ndi mnzanu wokuthandizani, nokha simungathe. Weramitsani mutu ngati mukuyang'ana zala za kuphazi, ndipo gwirani kumbuyo kwa khosi: pali fupa limodzi lomwe limatumphuka kuposa ena pamene khosi lakumana ndi mapewa. Poyambira ndi pamenepo. Kenako gwirani m'chiuno ndi manja onse awiri, pamwamba penipeni pa mafupa a m'mbali aja, zala kutsogolo, zala zazikulu zikuloza kumsana. Mnzanuyo ayerekeze mzere wochoka pa chala chachikulu chimodzi kufika pa chinacho. Pothera ndi pamenepo. Imani chilili, ayeze motsata fupa la msana, kawiri kapena katatu kuti mutsimikize.

Wanga unakwana masentimita 38, omwe ndi mainchesi 15. Lembani nambala zonse ziwiri chifukwa zikwama zambiri zochokera ku America zimalemba mainchesi, ndipo tepi ya telala ili ndi zonse, mbali ina masentimita mbali ina mainchesi. Msana wa mainchesi 14 mpaka 16 kawirikawiri umagwera pa XS kapena S ya akazi. L ya amuna imayambira cha m'ma 20.

Zonsezi ndinazidziwa mochedwa. Chikwama changa choyamba ndinachiona pa intaneti, mnyamata wina akugulitsa. Chinali cha alenje chenicheni, malita 65, chokhala ndi zitsulo mkati ndi malo omangirirapo nyama. Nditafunsa za saizi anangoti, "Asisi, ichi chimakwana aliyense, mungokoka zingwezi." Ndinachiyesa chopanda kanthu mkati, ndinaima nacho mphindi imodzi, ndinapereka ndalama. Patatha sabata ziwiri tinapita kukakwera phiri la Dedza, lomwe nsonga yake ili pafupifupi mamita 2,200, mu Juni kukuzizira. Tisanayende ngakhale ola limodzi lamba wa m'chiuno anali atatsikira m'matako, akundimanga ntchafu pa sitepe iliyonse. Ndikamukweza kuti akhale pa mafupa, malamba a m'mapewa amayandama m'mwamba kufika m'makutu, chikwama n'kumandikokera chagada. Ndikakoka a m'mapewawo kuti agwire, katundu yense amagwera pa mapewa. Pamwamba pake pamandigunda kunkhongo moti kuyang'ana kumwamba sindimatha. Tikufika pakati pa phiri zala za dzanja lamanzere zinali zitachita dzanzi, ndipo madzulo pochotsa malaya ndinapeza khungu la paphewa lasupuka mbali zonse ziwiri, malaya atamatirira pa chilonda. Ndinatha sabata ndikulephera kunyamula ndowa. Nditabwera kunyumba ndinapeza kachikalata kosokeredwa mkati mwa lamba, kolembedwa L, 20 mpaka 22. Msana wa chikwamacho unaposa wanga ndi masentimita oposa 12. Mnyamata uja foni yake sinapezekenso.

Mayi aliyense amene anaberekapo mwana akudziwa kale nkhaniyi. Mwana akatsetserekera m'munsi amalemera kawiri, ndiye umawerama, kumukankhira m'mwamba, n'kumanganso chitenje kuti agundane ndi msana. Chikwama n'chimodzimodzi, kungoti icho chikatalika kuposa msana wako, palibe chingwe chomwe ungakoke kuti chikhale bwino. Zilipo zina zomwe malamba a m'mapewa amasuntha kukwera kapena kutsika, ndipo kumsana kwake kumakhala timizere ta S, M, L. Zimenezo n'zabwino, koma onani potsikitsitsa pake ngati pakufika pa nambala yanu. Tepi ija pitani nayo kumsika. Kachikalata kakafufutika, yezani nokha kuchoka pakati pa lamba wa m'chiuno kufika pamene malamba a m'mapewa asokeredwa, ndipo nambalayo isatalikirane ndi yanu.

Lamba wa m'chiuno ndi malamba a m'mapewa

Katundu wambiri amayenera kukhala m'chiuno, mapewa ntchito yake n'kungogwiriza chikwama chisagwe chagada. Choncho lambayo akhale wa siponji, wotambalala, osati kachingwe kopyapyala. Mukamumanga, masiponji awiriwo aphimbe mafupa a m'mbali aja koma kutsogolo asiyane mpata wonga wa chikhatho chimodzi kapena kuposerapo pang'ono. Akagundana pamchombo ndiye kuti lambayo wakula, simudzatha kumumangitsa, ndipo masana mimba ikaphwa adzayamba kutsetsereka. Ife ochepa thupi vuto lathu limakhala limeneli nthawi zambiri.

Malamba a m'mapewa a zikwama za amuna amatsika mowongoka ndipo amayamba motalikirana, ndiye kwa ife amaterereka paphewa kapena kupanikiza mabere. A akazi amakhota ngati chilembo cha S, amazungulira chifuwa n'kulowera kukhwapa. Kachingwe ka pachifuwa kazitha kusuntha, mukaike pamwamba pa mabere, zala ziwiri pansi pa mafupa a m'munsi mwa khosi. Mukaona chikwama cha kampani ya Deuter cholembedwa SL, chimenecho ndi cha akazi, ndipo zina zimabwera ndi kaduwa kachikasu. Ku kampani ya Osprey, mtundu wa Tempest ndi wa akazi pomwe wa Talon ndi wa amuna. Musanyozenso zikwama za achinyamata zokwerera mapiri: mnzanga wina wamfupi kuposa ine amabereka cha ana a zaka 12 ndipo chimamukhala bwino kwambiri, anagulanso motchipa chifukwa wogulitsa ankachiyesa cha sukulu.

Chiyezeni pa sikelo chili chopanda kanthu

Oyenda m'mapiri amati katundu yense asapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa thupi lako pa ulendo wogona, ndipo pa ulendo wa tsiku limodzi gawo limodzi mwa khumi. Kwa ine ndiye makilogalamu 9 ndi theka pogona, ndi 5 pa tsiku limodzi. Tsono werengani: lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndipo ine ndimanyamula malita awiri. Chikwama cha alenje chija chinali makilogalamu 3 chopanda kanthu. Madzi ndi chikwama basi, asanu akwana, chakudya ndi juzi sizinalowe. Chomwe ndili nacho pano ndi cha malita 24 ndipo chimangopitirira kilogalamu imodzi pang'ono. Cha tsiku limodzi chisapitirire 1.2, chogonera chisafike 2. Mawu oti n'chopepuka musawakhulupirire, pemphani sikelo yopachika ija ya mavenda ogula soya muchikoloweke.

Kumsika

Ku Lilongwe, ku msika wa Tsoka ndi m'mashopu a kaunjika a ku Old Town zimapezeka, koma pamafunika kuyenda kangapo ndi kudziwa tsiku lomwe amatsegula belo. Chabwino sichifika masana. Ine ndinapanga ubale ndi mayi wina wogulitsa zikwama, ndinawasiyira nambala ya msana wanga pa kapepala, ndipo patatha mwezi ndi theka anandiimbira. Mitengo yakwera kwambiri chigwereni kwacha mu Novembala 2023, ndipo ogulitsa ambiri tsopano amayang'ana dzina la chikwama pa foni asanatchule mtengo. Nenererani ndithu, koma musaonetse kuti mwachikonda. Za pa intaneti, musatumize ndalama ya chikole pa foni musanachibereke, ngakhale atakuuzani kuti pali wina akuchifuna.

Poyesa ikanimo katundu. Mabotolo awiri a madzi a malita awiri ndi chitenje chokulungira akwana. Masulani zingwe zonse, berekani, mangani m'chiuno poyamba, kenako m'mapewa, kenako tizingwe tiwiri ta pamwamba pa mapewa tokokera chikwama kumsana, pachifuwa pomaliza. Yendani nacho mphindi khumi, weramani, yang'anani kumwamba, kwezani manja. Wogulitsa akakana kuti muyese chonchi, musiyeni.

Zachinyengo zilipo zambiri, zatsopano zonyezimira zolembedwa mayina akuluakulu zomwe ena amazisakaniza ndi za m'belo. Tembenuzani mkati muone kasokedwe. Chenicheni chimakhala ndi nsalu yophimba m'mphepete mwa misoko, ndipo pamene lamba walumikizana ndi thumba amasoka mobwereza-bwereza. Pa zipi yang'anani zilembo za YKK, dzina la kampani yodziwika yopanga mazipi. Nunkhizaninso mkati. Zikwama zakale zimakhala ndi utoto woletsa madzi womwe ukakalamba umanyeka, kumata m'manja ndi kununkha ngati masanzi, ndipo zikatero kuchapa sikuthandiza.

Zotsalazi n'zachidule. Nsalu ya ubweya ija ya alenje ndi yachete koma imakola chisoso, mudzatha madzulo onse mukutola timinga, ndipo ikanyowa imalemera. Ine ndimasankha nayiloni wamba wobiriwira kapena wotuwa, komanso mawanga onga a asilikali amakopa mafunso pa malodibuloko ndi m'nkhalango. Nambala ngati 210D kapena 500D imanena kukhuthala kwa ulusi, ndipo 1000D n'kulemera kopanda ntchito kwa ife. Chomangira cha pulasitiki chothyoka kapena zipi yofa si chifukwa chosiyira chikwama chokukwanani, osoka nsapato amakonza, mungotsitsira mtengo. Zingwe zotalika pindani ndi kumanga ndi mphira, musadule msanga chifukwa nyengo yozizira muvala juzi mkati. Chivundikiro cha mvula chikasowa, ikani pepala la pulasitiki lolimba mkati ndi kumanga kukamwa. Polongedza, zofewa pansi, madzi ndi zolemera pakati pogundana ndi msana, jekete ndi chakudya pamwamba. Ulendo woyamba chiyeseni pa Bunda, musanapite nacho kutali ngati ku Mulanje.