Momwe mungafufuzire mbiri ya malonda a zikopa ku America kudzera m'zojambula

Choyamba, sankhani dera limodzi ndi zaka zochepa, chifukwa malondawa anatenga nthawi yaitali kwambiri. Mtsinje wa Missouri m'zaka za 1832 mpaka 1837 ndi poyambira pabwino, popeza kampani ya American Fur Company inali ndi malo ogulira zikopa za njati ndi za kanyama ka m'madzi kotchedwa beaver, komwe ubweya wake ankapangira zipewa.

Kenako dziwani amene anajambula komanso amene anamulipira. George Catlin anakwera mtsinjewu mu 1832, ndipo Karl Bodmer wa ku Switzerland anatsatira mu 1833 ataperekeza Maximilian, kalonga wa ku Wied, ku Germany.

Apa ndi pofunika kudekha. Funsani ngati chithunzi chinajambulidwa pamalo pomwepo kapena patapita zaka, wojambulayo ali kwawo. Alfred Jacob Miller anaona ndi maso ake msonkhano wa osaka ndi amalonda pafupi ndi mtsinje wina wotchedwa Green River mu 1837, koma zithunzi zake 200 zomwe zili ku Walters Art Museum mumzinda wa Baltimore anazijambula pakati pa 1858 ndi 1860. Zaka makumi awiri zimakometsa zinthu m'mutu mwa munthu, choncho musathamangire kukhulupirira mfuti, chishalo kapena chovala chilichonse chooneka m'zithunzizo musanachiyerekeze ndi zimene anajambula ali paulendo.

Mukatero, ikani pamodzi ntchito za anthu awiri pa munthu mmodzi. Mato-Tope, mfumu ya a Mandan (mtundu wa eni nthaka a ku America omwe ankakhala m'mbali mwa mtsinje wa Missouri), anajambulidwa ndi Catlin komanso Bodmer, ndipo kwa ine wa Bodmer ndiye wodalirika pa tinthu ting'onoting'ono monga nthenga za kumutu ndi utoto wa pathupi. Musaiwale kuti Mato-Tope nayenso anatenga pepala ndi utoto kwa alendowo n'kujambula yekha nkhondo yake ndi mfumu ya mtundu wina wa a Cheyenne, umboni wochokera kwa mwini nkhani.

Pomaliza, tsimikizirani zonse ndi zolembedwa. Zolemba za paulendo za Maximilian zimasungidwa ku Joslyn Art Museum ku Omaha, pamodzi ndi zojambula za Bodmer. Kaundula wa tsiku ndi tsiku wa Francis Chardon, yemwe ankayang'anira malo ogulira zikopa a Fort Clark pa mtsinje wa Missouri, akufotokoza za nthomba ya mu 1837 yomwe inafika ndi sitima ya pamadzi ya St. Peter's n'kupha Mato-Tope pamodzi ndi a Mandan ambiri amene Bodmer anakhala nawo m'nyengo yozizira ya 1833 mpaka 1834.