Mbale ya agogo omaliza kudya isafike itazizira

Inu amene mukugwira ntchito m'nyumba zosamaliramo okalamba ku Britain mukudziwa kale lamulo la Food Standards Agency, bungwe la boma loona za ukhondo wa zakudya, loti chakudya chotentha chisungidwe pa madigiri 63 kapena kupitirira apo. Ophika amayeza, amalemba m'buku, zonse zimaoneka kuti zili bwino. Komatu kuyezako kumachitikira kukhitchini, pomwe agogo ena amadyera m'chipinda chawo kumapeto kwa khonde, mbale itakhala pathebulo nthawi yaitali kudikira wowadyetsa.

Zimenezi zimandipweteka mtima. Munthu wokalamba, makamaka amene mutu unayamba kuiwalaiwala, sanena kuti supu wazizira. Amangotseka pakamwa. Ife timalemba kuti akana kudya, mawa chimodzimodzi, thupi n'kumatha. Kwathu ndani angapatse agogo ake nsima ya mkute dzuwa lili paliwombo, kenako n'kumadabwa kuti sakudya?

Choncho musapakuliretu mbale zonse nthawi imodzi. Amene amadya okha alandire kaye. Chakudya cha ofunika kudyetsedwa chikhalebe pamalo otentha, chovundikira, mpaka inu mutakhala pansi pambali pawo supuni ili m'manja. Mbale muzitenthetse musanapakule. Kwa odya pang'onopang'ono, pakulani pang'ono, akamaliza muwonjezere chotentha. Chakudya chopera cha amene amavutika kumeza chimazizira msanga n'kuuma pamwamba, ndiye chimenecho muchiyang'anire kwambiri.

Chakudya chikatsika pansi pa madigiri 63, lamulo limalola kuti chikhale choncho kwa maola awiri okha, kamodzi kokha. Mukatenthetsanso, chitenthe mpaka pakati, madigiri 75 kwa masekondi 30, ndipo ku Scotland amafuna 82. Musatenthetse kachiwiri. Mukagwiritsa ntchito microwave, takasani bwinobwino ndipo mudikire pang'ono, chifukwa imasiya mbali ina yozizira, ina yowotcha lilime.

Zozizira nazo musazipeputse. Fuliji ikhale pa madigiri 5 kapena kutsikirapo. Mu 2019 odwala ena m'zipatala za ku England anamwalira atadya masangweji okhala ndi tizilombo ta listeria, timene timaswana ngakhale m'fuliji ndipo timagwetsa okalamba msanga. Sangweji yomwe yatsala pathebulo kuyambira masana itayeni.

Sabata ino pemphani choyezera kutentha kwa ophika, muyeze mbale yomaliza kuperekedwa pamene agogo akuyamba kudya. Nambala imene mupezeyo muilembe, mukaonetse akuluakulu a panyumbapo.