Mukapita ku Namugongo musangothera pa Misa ya pa 3 Juni yokha

Amene mwayamba kale kusonkha ndalama ku mphakati kuti mukafike ku Namugongo, Uganda, ndimvereni pang'ono. Ambiri amafika pa 2 Juni usiku atatopa ndi basi, kugona panja, Misa m'mawa, kujambulitsa, basi ulendo wobwerera, koma malo enieni amene Amartiri a ku Uganda, amene amakumbukiridwa pa 3 Juni, anadutsa osawaona n'komwe. Fikani kudakali masiku awiri kapena atatu, chifukwa tsiku lenilenilo anthu amakhala nyomi moti ngakhale kulowa mu tchalitchi sizitheka.

Za mapepala mwachidule: pasipoti ikhale yosatha msanga, ndipo kadi yachikasu ya katemera wa yellow fever musaiwale, amaifunsa pa boda. Pamsewu mumadutsa pa Songwe kulowa Tanzania kenako Mutukula kulowa Uganda, ndi masiku angapo mutakhala pampando. Wotchi muisunthe, kumeneko ali patsogolo ndi ola limodzi.

Tsono poyambira pakhale ku Munyonyo, m'mbali mwa nyanja ya Victoria, osati ku Namugongo ayi. Kuphedwa kwa ambiri kunayambira kumeneko kumapeto kwa Meyi 1886 pamene Kabaka Mwanga II, mfumu ya Buganda, anakwiyira anyamata a kunyumba yachifumu amene ankaphunzira katekisimu. Denis Ssebuggwawo anafera konko, Andrew Kaggwa nayenso konko. Inu a ku Chinsapo ndi a ku Kaggwa ku 49, amenewa ndi ankhoswe a maparishi anu, ndiye musathamange, khalani pansi muchite korona, dzina limene mumalitchula Lamulungu lililonse mulione kuti anali munthu weniweni, mnyamata, woyenda pa dothi lomwelo. Ndi konkonso Charles Lwanga anabatiza anzake usiku mobisa ataona kuti zinthu zaipa, mmodzi mwa iwo ndi Kizito, nkhoswe ya parishi ya Chigoneka uja, wamng'ono pa onse, wa zaka pafupifupi 14.

Mukachoka apo lowani mtauni mu Kampala. Pafupi ndi msika waukulu wa Owino ndi pamene anaphera Joseph Mukasa Balikuddembe pa 15 Novembala 1885, woyamba mwa Akatolika 22 amene anaphedwa chifukwa cha chikhulupiriro, n'chifukwa chake msikawo umatchedwanso St Balikuddembe. Pamenepa foni ndi kachikwama gwirani zolimba ngati muli mu depoti ya Lilongwe. Kenako kwerani phiri la Rubaga mukaone cathedral. Amene anabweretsa chikatolika kumeneko mu 1879, Bambo Lourdel amene eniake amati Mapeera, anali a White Fathers, chipani chomwecho chimene chinatsegula Mua mu 1902.

Ku Namugongo kwenikweniko ndi makilomita ngati 15 kuchoka pakati pa Kampala, koma musapusitsike ndi kufupikako, jamu yake ndi yoopsa, nyamukani m'bandakucha. Kabaza wa njinga yamoto amati boda boda, mtengo mugwirizane musanakwere. Basilica yake anaimanga ngati nyumba yozungulira ya kumudzi, ili ndi mizati 22, mzati umodzi mmartiri mmodzi, ndipo guwa lili pamalo pamene Charles Lwanga anamuwotcha payekha pa 3 Juni 1886. Papa Paul VI ndi amene analengeza Amartiri 22 aja kuti ndi oyera mu 1964, anadzafikanso yekha mu 1969, John Paul II mu 1993, Francis mu 2015. Kunsi kwa basilica kuli kanyanja kamene kali ndi guwa pakati, Misa yaikulu imachitikira pamenepo, ndipo anthu amatunga madzi kupita nawo kwawo, tengani kabotolo kanu.

Chimene chimandiwawa ndi choti ambiri amathera pa basilica basi. Pitirirani pang'ono mufike ku Nakiyanja, kumalo a Anglikani. Kizito ndi anzake ambiri anawawotchera kumeneko, Akatolika ndi Aanglikani pa moto umodzi atawakulunga m'mabango, ndipo kuli museum yoonetsa zonse mmene zinayendera, ziboliboli zake zikuonetsa akaidi ndi Mukajanga mkulu wa opha anthu uja. Ngati muli ndi ana aang'ono muyambe mwawafotokozera, zina n'zoopsa kuziona. Musati ndife Akatolika kumeneko sikwathu, magazi a oyera athu anagwera pomwepo.

Kulapa chitani tsiku loyamba mizere isanatalike, ansembe olankhula Chingerezi alipo. Valani nsapato zofewa, tengani zitenje ziwiri, china choyala china chofunda, ndi ambulera poti mvula kumeneko imagwa ngakhale mu Juni. Nsima imapezeka, amati posho, koma lawaniko matooke, nthochi zophika, komanso rolex, chapati chokulungira mazira chimene amakazinga m'mbali mwa msewu, chotchipa ndipo chimakhalitsa m'mimba. Ndalama sinthani kukhala ma shilling ang'onoang'ono a chopereka ndi boda boda, ndipo gulu lanu ligwirizane malo amodzi okumanirana wina akasochera, chifukwa pa 3 netiweki imavuta, kuyimbirana sikuthandiza.